Chikwama Chinatsogola ku Mathithi

"Koma tikafika lero ku mathithiko?" Naphuma anafunsa kachitatu, akupondaponda ngati waima pa linthumbu.

Dzina limeneli anamupatsa ndi amayi ake, chifukwa mtsikanayu ngakhale tiyi ankamwa choimirira. Tsikulo iye, amayi ake ndi mng'ono wake ankayenda m'nkhalango yotetezedwa ndi boma, m'kanjira kotsata mtsinje. Pachipata mlonda wa nkhalango anali atawauza lamulo la pamalopo: woyenda pang'onopang'ono ndiye azitsogola, ena onse pambuyo pake. Ndiye kutsogolo kunali mng'ono wakeyo, mwana wodwala mphumu, amene ankaima kuti acheze ndi gulugufe aliyense.

Naphuma zinamukwana. Amayi atawerama kuti amange chingwe cha nsapato, iye anazembera kuseri kwa mkuyu, liwiro ali nalo! Analumpha mizu, anawoloka kamlatho ka matabwa, anakwera chitunda, mpaka mathithi aja anaonekera, madzi akuchita thovu pamiyala. Anasangalala kwabasi. Anatula chikwama kuti atenge foni ajambule, koma dzanja lake linagwira kanthu kena: kampope ka mankhwala a mphumu. Paja amayi anakaika m'chikwama chake m'mawa!

"Mayo ine!"

Pobwerera mizu ija sanaione. Anagwa kawiri, bondo linachubuka, koma ululu sanaumve chifukwa cha mantha. Anawapeza m'munsi mwa chitunda. Mng'ono wake anali atakhala pamwala, milomo itatuwa, chifuwa chikulira ngati wenzulo. Amayi ankamukupiza ndi chipewa, mawu atasasa ndi kuitana Naphuma.

Amayi analanda kampopeko. Anamupopera mwanayo m'kamwa kamodzi, nadikira, napoperanso. Naphuma ankangozungulirazungulira mwala uja, manja ali kumutu, mpaka mpweya wa mwanayo unayamba kubwerera.

"Amayi, chachitika n'chiyani?" Naphuma anafunsa. "Si paja amayenda bwinobwino?"

"Wathamanga pachitunda," amayi anayankha osamuyang'ana n'komwe.

"Iwenso, umathamangiranji? Sukudziwa kuti adokotala anakuletsa?" Naphuma anafunsa mng'ono wake.

Mwana uja anadzutsa mutu, thukuta lili kamukamu.

"Ndimakuthamangirani inu, achemwali," anatero mobanika. "Ndimaopa kuti musochera nokhanokha."

Naphuma anasendera pafupi naye. Anakhala pansi m'matope momwemo, nakumbatira miyendo ya mng'ono wake, nalira mokweza mpaka wodwalayo ndiye anayamba kumutonthoza.