Zilembo za M'chikhatho

Mawotchi onse a m'shopumo ankayenda, koma panalibe awiri ogwirizana nthawi. Mwini wake, mkulu wokonza mawotchi, anali gone chagada, mutu uli pafupi ndi ngodya ya tebulo lachitsulo. Dzuwa la m'mawa linkalowera pazenera, fumbi likuyandama ngati layiwala kutera.

Wapolisi wofufuza milandu, amene anzake ankamutcha Wamaloto chifukwa ankatha kuyang'ana khoma mpaka tiyi kuzizira, anagwada n'kutambasula dzanja la malemuyo. Munalibe kanthu, koma m'chikhatho munatsala chidindo cha khobidi limene wina anachita kulanda. Zilembo za chidindocho zinkawerengeka bwinobwino. Anazijambula, kenako anatulutsa khobidi lake n'kulifinya m'dzanja. Zake zinatuluka chobwerera, ngati pagalasi. Anaima pomwepo nthawi yaitali, mawotchi akumuimbira.

Oyandikana nawo anatchula mphunzitsi wina wopuma ntchito, wosonkhanitsa makobidi, amene dzulo lake anakangana ndi malemu mpaka anthu kuima pamsewu.

"Munkalimbirana chiyani, aphunzitsi?" anafunsa Wamaloto m'chipinda chofunsira mafunso.

"Ife kukangana ndiye moni wathu, bwana. Ndi iwo okha ankatha kundiuza ngati khobidi linalakwika ku fakitale kapena munthu wachita kulivulaza. Ndingaphe bwanji maso anga omwe?"

Usiku umenewo mphunzitsiyo anali atagona kwa mwana wake, ndipo mboni zinalipo. Koma ataona chithunzicho, anavala magalasi.

"Makina akamenya kawiri, zilembo zimabwerezeka koma zimawerengeka. Ili linali ndi zilembo zobwerera, n'chifukwa chake pakhungu zawongoka. Taonaninso mkombero, waphwatalala ngati tayala lopanda mpweya. Wina anapanikiza makobidi awiri pa vayisi, limodzi n'kudinda linzake. Si cholakwika ichi, bwana, ndi chilonda."

Mumsewu wonsewo, vayisi, chopanira zitsulo chija, inali kwa munthu mmodzi: wodula makiyi, mlamu wake wa malemu. Wamaloto anamupeza atakhala phee m'kashopu kake, makiyi akulendewera pamwamba pake n'kumalira okha ndi mphepo.

"Mudala, khobidi lija lili kuti?"

Munthuyo sanavute. Analitulutsa m'thumba la malaya, lili lofunda.

"Ndinalipanga ndine, ndili mnyamata," anatero. "Ndinalibe chopatsa mkazi amene ndinkamufuna. Ndinamuuza kuti makina analakwitsa kamodzi kokha, loterolo kulibenso padziko, ngati iyeyo. Walisunga moyo wake wonse. Dzulo anakalipereka kwa achimwene ake kuti alikoleke patcheni, mwana wathu adzavale paukwati. Alamu atangoika galasi padiso, anandiitana. Kuseka kwake, bwana! Akuti adzanena paukwati pomwepo, anthu aseke nawo. Ndinawapempha. Ndinagwira dzanja, iwo n'kufumbata, ine n'kuwakankha. Ndinkangofuna kuti mkazi wanga asadziwe."

Wamaloto anamva chisoni, ndipo sanachibise. Pa ntchito yakeyo anali ataona anthu akuphana pa zinthu zazikulu ndi zazing'ono, koma tsiku limenelo unyolo unamulemera m'manja.

Mkazi wa wodula makiyiyo anafika kupolisi masana, maso ali psuu. M'mawa umodzi wokha unamulanda mchimwene wake ndi mwamuna wake. Ataona khobidi lija m'kapepala ka umboni, analisisita ndi chala.

"Mayi, amuna anu akuti ankaopa kuti mudziwa zoti khobidili…"

"Zoti anachita kulipana?" anatero mayiyo motsitsa mawu, ngati akulankhula kutulo. "Ndinawaona ine tsiku lomwelo. Ndinkadutsa kuseri kwa kashopu kawo, iwo ali kalikiliki pa vayisi, thukuta kamukamu, lilime lili panja. Anawononga makobidi angapo asanakhutire. Madzulo ake atabwera ndi nkhani ya makina ija, ndinaluma mlomo kuti ndisaseke."

Kuseri kwa chitseko chazitsulo, wodula makiyi anaimirira pang'onopang'ono.

"Ndiye bwanji simunanene, mayi a mwana?"

Mayiyo anamuyang'ana, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndikananena chiyani, bambo? La ku fakitale ndi ngozi chabe, likanagwera aliyense. Ili munapangira ine."