Kumene Ngalande Imathera

Kunyumba ankamutchula kuti Nachifunso, chifukwa ngakhale nyerere ikamadutsa ankafuna adziwe kuti ikupita kwa yani. Tsiku limenelo anachoka kusukulu mtima uli m'mwamba. Aphunzitsi a sayansi anali atanena kuti mtovu ukalowa m'madzi sutha ayi. Umakhala m'matope, tizilombo timaudya, nsomba n'kudya tizilomboto, ndiye umangounjikana m'thupi mwa nsombazo. Mwana wamng'ono akamadya nsomba zotere, ubongo wake sukula bwino.

Bambo ake ankakonza mabatire a galimoto kuseri kwa nyumba. Anawapeza akutsuka tizitsulo totuwa m'beseni, kenaka n'kukhuthulira madziwo m'ngalande.

"Ababa, tizitsuloto ndi ta chiyani?"

"Mtovu. Usagwire, ndi poizoni."

"Nanga madziwo amapita kuti?"

"Amangopita basi! Kodi madzi amatsanzika?" anatero bambowo akuseka.

Nachifunso sanaseke nawo. Mvula inali itangokata kumene, ngalande ili thothotho. Anaponyamo chitsekerero chofiira cha botolo n'kuyamba kuchilondola. Bambo ake, poopa kuti angaterereke, anamutsatira akung'ung'udza. Chitsekererocho chinadutsa pansi pa msewu, chinakhota kuseri kwa chigayo, chitakodwa pa udzu mtsikanayo anachikankha ndi kamtengo. Kenaka chinatsetsereka n'kukagwera m'damu.

Onse awiri anaima pomwepo. Pamenepa ndi pomwe bambowo ankawedza Loweruka lililonse, mwala wawo wokhalapo uli poteropo. Milamba ya pamenepo inali yonona, ndipo mnofu wopanda minga ankaupatulira mwana wawo wachitsiriza, kamnyamata kongoyamba kumene kuyankhula.

"Komatu amayi ako amaphika mpaka kupseratu," anatero bambowo chapansipansi.

"Aphunzitsi akuti moto umapha majeremusi, koma mtovu ayi."

Bambowo anayang'anitsitsa matope akuda a m'mphepete mwa damulo. Nachifunso anawamvera chisoni, pakuti anali asanawaonepo ali ndi mantha chonchi.

Atafika kunyumba anapeza amayi akutenthetsa nsomba zotsala dzulo, kamnyamata kaja katagwira kale kambale kake. Bambo anaphula mphikawo n'kuuvindikira.

"Mayi a ana, nsombazi musampatsenso mwanayu. Mawa tilawirire kuchipatala, akamuyeze magazi."

"Iii, wadwala chiyani? Si uyu akusewera bwinobwinoyu?"

Bambo ananyamula mwanayo n'kumukumbatira pachifuwa.

"Sindikudziwa," anayankha bambowo. "Koma akakampeza nacho chinthu, ndamudyetsa ndine, ndi dzanja langali."