Felista ndi Adyo wa M'buku Lakale

Felista amakhala ku Braunstone, mumzinda wa Leicester. Tsiku lina ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti amayi ake aseke.

Amayi ake amaphunzira za mankhwala. Kulaibulale kunabwera buku lakalekale la ku France. Munali zithunzi za zitsamba zochiritsa. Tsikulo linali lomaliza kulionetsa.

Koma amayi anali chigonere ndi chimfine.

"Hetsi! Sindiliona bukulo," anadandaula amayi.

"Musadandaule, Amami," anatero Felista. "Ndikubweretserani chithunzi!"

Felista anakwera basi ndi bambo ake, a Darlington, kupita kulaibulale.

Bukulo linali m'bokosi la galasi. Eee, kukalamba kwake! Pa tsamba lotsegula panali adyo. Adyo weniweni, ndi mizu yake yomwe!

Felista anatenga foni ya bambo ake.

"Pepa, mwanawe," anatero mayi wosunga bukulo. "Muno sitijambula ndi foni."

Felista anafuna kulira. Nanga lonjezo lija?

"Anthu akale ankajambula bwanji?" anafunsa.

"Ankasema thabwa," anayankha mayiwo. "Ankapaka inki. Kenako ankadinda papepala."

Felista anayang'anitsitsa adyoyo. Anayang'ana mutu. Anayang'ana masamba. Anayang'ana mizu.

Kunyumba kunalibe thabwa. Koma kunali mbatata!

"Adadi, tiyeni tiseme mbatata!"

Bambo anadula mbatata pakati. Anamugwira Felista dzanja. Felista anakumba chithunzi cha adyo pambatatapo ndi mpeni waung'ono. Anapaka penti. Anadinda. Di!

Ha! Panatuluka chibanga chakuda. Pakati pake panali poyera.

"Adyo wako wathawa, iwe!" anaseka bambo.

Felista anayang'ana mbatata. Penti inali pamwamba pokha. Mokumba muja munalibe.

"Ndadziwa!" anafuula. "Tichotse m'mbali. Adyo atsale!"

Anatenga mbatata ina. Anasema m'mbali mwa mutu. Anasema m'mbali mwa masamba. Anasema m'mbali mwa mizu. Anapaka penti. Anadinda. Di!

"Uyo! Uyo adyo!"

Felista anathamangira kuchipinda, pepala lili m'manja.

"Amami, chithunzi chija! Ndasema ngati anthu akale!"

Amayi anadzuka. Anayang'ana mutu. Anayang'ana masamba. Anayang'ana mizu.

"Mwana wanga iwe! Wandibweretseradi bukulo pabedi pompano!"

"Hetsi!" Kenako amayi anaseka. Anaseka mpaka misozi.

"Dindanso!" anatero amayi.

Mapepala anali atatha. Felista anagwira dzanja la bambo ake. Anadinda padzanjapo. Di!