Bodza Lachiwiri la Ko Zeya

Nilar ankagulitsa kun pasiteji ya mabasi ku Hledan, mumzinda wa Yangon. Manja ake anali achangu: tsamba, kalaimu, mtedza, kafodya, n'kukulunga, munthu azikatafuna.

Tsiku lina dalaivala wina wamtali anatsika basi n'kuyedzamira tebulo lake.

"Achemwali, ndikulungireni wokoma ngati inuyo."

"Achimwene, mano ofiirawo ndiye mukufunsira nawo mbeta?"

Anthu anaphulika kuseka, mwiniwakeyo kuposa onse. Dzina lake anali Ko Zeya. Mawa lake anabweranso, mkuja anabweranso, mpaka Nilar anayamba kudziwa basi yake poimva hutala.

Mauthenga ankagwa pafoni ngati mvula.

"Duwa langa, basi ili pamsewu koma mtima ndausiya patebulo pako."

"Dzinja likatha ndibwera kwanu ndi makolo anga. Ndikulumbira!"

Ko Zeya anali ndi matenda a shuga, aja obwera munthu atakula kale. Mapiritsi ankamwa akakumbukira. Tsiku lina akutafuna anakwinya nkhope, nagwira tsaya.

"Chavuta n'chiyani, wokondedwa?"

"Kachilonda palilime. Kakukana kupola."

"Ndi shugayo, zilonda zanu zimachedwa," anatero Nilar akumwetulira. "Musavutike n'zakuchipatala. Ndizingochepetsako laimu."

Anachepetsadi, n'kumamukulungira tsiku ndi tsiku mwachikondi. Dzinja linatha, chilonda chilipobe.

Kenaka Ko Zeya anasowa. Basi yake ankayendetsa wina. Uthenga unabwera umodzi wokha: "Nilar, ndakwatira mkazi wakwathu ku Pathein. Usandifunefune."

Nilar analira mpaka mawu kusasa. Malonjezo onse aja anali a pakamwa chabe? Anamulakwira chiyani? Misozi itauma unatsala mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi umene unavomera pamene Ko Thiha, wokonza mafoni, anamufunsira. Anali munthu wabwino, wosadziwa kukalipa. Anakwatirana.

Ali ndi pathupi, Nilar anapita kusikelo kuchipatala chachikulu. M'khonde anamva wina akumuitana.

"Nilar? Ndiwe?"

Anali Ma Sandar, mlongo wake wa Ko Zeya, akukankha njinga ya odwala. Panjingapo panali munthu woonda ngati ndodo, chibwano chitamangidwa nsalu. Maso okha ndiwo anawazindikira. Anali Ko Zeya.

"Mkazi wawo ali kuti?" anafunsa Nilar.

"Mkazi uti, mng'ono wanga? Sanakwatirepo ameneyu! Ndi khansa ya m'kamwa. Adokotala akuti odwala shuga imawapeza kwambiri kuposa ena, makamaka akamatafunanso kun. Akuti chilonda chija akanabwera nacho msanga. Amudula theka la lilime, koma yafalikira kale kukhosi."

Nilar anagwada patsogolo pa njingayo, osasamala odutsa.

"Ko Zeya, munandinamiziranji? Ndikanakusamalirani! Ndikanatseka tebulo lija n'kugona pansi pa bedi lanu!"

Ko Zeya anayesa kuyankha, koma kunangotuluka kubuula. Anatulutsa foni, n'kulemba pang'onopang'ono.

"Ndimakudziwa. Ukanadziimba mlandu kuti wandipha ndiwe."

"Nanga si ine? Si ine ndinati musapite kuchipatala?"

Ko Zeya anapukusa mutu mwamphamvu. Kenaka maso ake anatsikira pamphete ya pachala cha Nilar, n'kufika pamimba. Anayang'ana nthawi yaitali. Analembanso.

"Wapeza banja. Ndasangalala kwambiri, duwa langa."

Nilar anawerenga, misozi ikudontha pagalasi la foniyo.

"Ili ndi bodza lanu lachiwiri, Ko Zeya."

Sanakane. Anangogwira dzanja lake n'kuliika patsaya lomangidwalo.

Namwino anaitana dzina la Ko Zeya. Ma Sandar anachotsa dzanjalo mwaulemu n'kukankha njinga. Kunja kwa geti, Ko Thiha anali ataima padzuwa ndi ambulera, akumudikira kuti amuperekeze kunyumba.