Mapaipi Otentha a kwa Fenglan

Madzulo amenewo Fenglan anaphika phala la mapira monga mwa masiku onse, n'kumamwetsa mwamuna wake, Lao Dou, ndi sipuni. Bamboyo anameza kawiri n'kuyamba kutsokomola. Makhololo ake anali bii ngati inki. Unyamata wake wonse anauthera pa fakitale ya magetsi ya kumunsi kwa phiri, kuthira malasha pa lamba wopita ku ng'anjo, ndipo malashawo anali atamanga nyumba m'mapapo mwake. Ngakhale kuchimbudzi ankachita kumunyamula.

Fakitaleyo inali itatsekedwa chisanu chisanayambe. Akuluakulu ochokera ku mzinda anati ndi yakale, ndi yosusuka. Moto uwiritse madzi, nthunzi izunguze makina, makina atulutse magetsi, koma pa mafosholo atatu a malasha imodzi yokha ndiyo inkasanduka magetsi. Kutentha kwinako kunkangothawira m'chinsanja choziziritsira madzi. Fakitale yatsopano ya kutali inkadya pang'ono n'kutulutsa zambiri. Palibe anatsutsa. Chimene sananene n'choti kutentha kotayikako n'kumene kunkadutsa m'mapaipi n'kufunditsa midadada ya nyumba za antchito. Atazimitsa ng'anjo, zitsulo zofunditsa m'zipinda zinachita zii. Mapaipi atsopano akuti chaka chamawa.

Adokotala anamuuza Fenglan mosabisa kuti mapapo otere sangapirire chisanu, ndipo utsi wa mbaula ungamumalize msanga. Iye anangomuunjikira zofunda zonse za m'nyumba, nayenso n'kugona ndi jasi.

Usiku umenewo anamva kugogoda. Osati pachitseko. M'paipi. Go, go, kenako zii. Anatambasula dzanja mumdima n'kugwira chitsulo. Chinali chofunda.

Pofika m'mawa chinali chotentha moti ukanayanikapo masokosi. M'mdadada wonse, chipinda chawo chokha.

Mayi Geng a khomo loyandikana, amasiye amene nkhani siiwadutsa, anabwera kudzagwira okha. Anaseka.

"Mlamu, mwamupatsa chiyani Lao Pang kuti akutsegulireni nokha? Tiuzeni nafe tikayese, tisanakalambiretu."

Lao Pang anali mlonda wa pageti la fakitale, ndipo kale, Fenglan akadali ndi chiuno, anthu ankawatchula limodzi. Ndiye pofika masana nkhani inali itafika mpaka pamsika wa kabichi. Fenglan sanasamale. Mwamuna wake ankapuma bwino, basi.

Koma bamboyo anayamba kugona masana onse ngati wakomoka. Fenglan ankamusambitsa manja madzulo, m'mawa n'kupeza zikhadabo zili zakuda. Kenaka m'zikhato munatuluka matuza. Atamufunsa, bamboyo sanatsegule n'komwe maso.

"Ndatopa, mayi a Xiulan. Pa shifiti tachepa."

Fenglan anayesa kuti ndi malungo akuyankhula.

Usiku wina anadzidzimuka chifukwa cha bata. Panalibe kutsokomola. Anapapasa pabedi, panali zofunda zokha. Chitseko chinali chokhoma m'kati, kiyi ali pompo. Anayang'ana kunsi kwa bedi, ngati munthu wamkulu angabisale mmenemo. Paipi inagogodanso.

Anatuluka. Chipale chofewa chinali chitakuta bwalo lonse, kupatula kamzere kakuda kamene kanasungunuka pamwamba pa paipi yokwiriridwa. Anakatsatira. Kanadutsa kuseri kwa sukulu, kanadutsa bwalo losungira malasha limene linali mbee, losesedwa mpaka fumbi. Pageti panali tcheni. Anadzipanikiza pa mpata wa waya.

Chinsanja chinkafuka nthunzi.

Anasuzumira pa zenera losweka la fakitale. Munalibe nyale, koma kukamwa kwa ng'anjo kunali psuu. Amuna anali atafola m'mbali mwa lamba, akuwerama ndi kuweramuka pamodzi. Mafosholo ankakwera olemera, ngakhale pansi panalibe kanthu. Palibe ankatsokomola. Anazindikira malemu amuna a Mayi Geng, ndi khutu lawo lodukalo. Anazindikira wina amene iye mwini anaphika pa maliro ake. Kumapeto kwa mzere kunali Lao Dou, msana uli chilili, mapewa odzaza ngati tsiku la ukwati wawo.

"Bambo a Xiulan," anaitana motsitsa. "Tiyeni kunyumba."

Sanasiye kuthira. Sanatembenuke.

"Bwerera, uzizidwa. Ndikaima ine moto ugwa."

Fenglan anamuuza kuti moto ugwe, iye sakuufuna, chisanu apirira limodzi. Anamuchonderera mpaka mawu anasasa. Fosholo inkangokwera n'kutsika.

Kutacha, Lao Pang anamupeza atakhala pansi pa zeneralo, nsidze zitachita chipale. M'kati munali fumbi ndi ndowe za nkhunda. Ng'anjo inali yozizira, ya dzimbiri. Mlondayo anamufunditsa jasi lake n'kumuperekeza, ndipo amayi onse opita kumsika anawaona awiriwo akutuluka pageti m'mamawa, mkazi wamwini atavala jasi la Lao Pang. Mungathe kuganiza mmene milomo inagwirira ntchito.

Atafika kunyumba, Fenglan anamupeza Lao Dou pabedi, zofunda zili mpaka m'khosi, atauma kale. M'chipindamo munkatentha ngati m'chilimwe.

Maliro atatha, anthu a zamapaipi anabwera n'kukumba panja. Anapeza paipi youma, yodulidwa kalekale. Anakwirira msangamsanga n'kumapita osamwa n'tiyi yemwe. Chitsulo cha kwa Fenglan chinapitiriza kutentha.

Mayi Geng anasiya nthabwala tsiku limene Fenglan anawauza za khutu lija. Tsopano amabwera madzulo, n'kukhala pansi, manja ali pachitsulo. Enafe timangonong'onezana kuti amene anameza fumbi la pamenepo sapuma pantchito, amangosinthidwa shifiti, ndipo shifiti imeneyo ilibe wodzailandira.

Fenglan anaganiza kuti akakana kutenthako mwina amumasula mwamuna wake akapume. Anatseka chotsekera paipi mwamphamvu, n'kugona m'chisanu. Paipi inagogoda usiku wonse, pang'onopang'ono, mosakwiya, ngati munthu wopempha kulowa m'nyumba mwake. Kusanache anadzuka n'kutsegula.

Xiulan, mwana wawo, wakhala akumuitana kuti akakhale naye ku mzinda, kunyumba yofunda ndi magetsi a fakitale yatsopano. Fenglan amayankha kuti sangachoke. Munthu sangamathire malasha usiku wonse kufunditsa chipinda chopanda munthu.