Wa Kumapeto kwa Mzere

Gordon anakhoma kasitudiyo kake ku Biwi maminibasi atasiya kale kuyenda. Anagwedeza loko, anayenda pang'ono, n'kubwereranso kudzamugwedeza, poti Gordon anali munthu wosakhulupirira kanthu, ngakhale loko wogula yekha. Laputopu anaikulunga m'chitenje chakutha n'kuiika m'jumbo, pamwamba n'kuvindikira ndi masamba a mpiru, kuti wokumana naye aziyesa bambo wanyamula ndiwo.

Chomwe chinamuchedwetsa inali ntchito ya mawa lake. Kwaya ina ya ku Kawale inali ndi chikondwerero chokumbukira zaka zomwe yakhala ikuimba, ndipo mtsogoleri wake, Mayi Agatha, anamupatsa thumba la matepi akale a vidiyo. Ankafuna kuti kwaya ikamaimba, pachinsalu cha kumbuyo kwake pazioneka oimba akalekale, nyimbo iliyonse ndi kanema wake, Gordon akusinthira pomwepo. Ntchito yaikulu chotere anali asanaigwirepo. Ikanangolakwika, maukwati ndi maphwando onse a ku Kawale akanabwerera kwa Kenny, wopikisana naye wa ku Area 23, ndipo kasitudiyo kaja kakanasanduka kogulitsiramo makala.

"Musandisiyire munthu, Bambo Gordon," anatero Mayi Agatha pomupatsa matepiwo. "Ena akubwera kudzaona abale awo."

Iye anangoti eya, maso ali m'thumba, kufufuza tepi yoduka kale kuti asadzamunamizire.

Makanema ochokera m'matepi amalemera, ndipo laputopu yake yokalambayo ikanajama pakati pa nyimbo. Tsono anawadula tizigawo, n'kuwandandalika onse kuti kompyuta yaikulu ya m'kasitudiyomo iwasinthe pakamodzi akhale opepuka. Koma zithunzi zakalezo zinali ndi mizere yakuda yonjenjemera m'mbali, yonyansa kuiona. Gordon analamula kompyuta kuti idule m'mbali mwa onse mofanana, ndipo sanaumire poduladulapo. Yowaonera mmodzimmodzi nthawi analibe. Anatsegula woyamba, anaona nkhope za pakati zikuwala bwino, anati basi yatheka.

Kunja magetsi anali atazima. Anadutsa magalaja a ku Biwi, pomwe zigoba za magalimoto zinangoti mbwee mumdima, n'kulowa njira yachidule yodzera m'mbali mwa manda. Njirayo sankaikonda, osati chifukwa cha akufa ayi. Gordon ankati wakufa sakuba laputopu.

Atayenda pang'ono anamva mapazi. Anali kumanzere kwake, opepuka, ofanana ndi ake mayendedwe. Iye akafulumira, nawo ankafulumira. Anakumbatira jumbo pachifuwa.

"Mwachedwa, bambo."

Anali mawu a mzimayi, odekha, ngati a munthu wokudziwa kale. Gordon anapitiriza kuyenda. Ankazidziwa za m'tauni: akuba amatsogoza mkazi, ukaima kuti umve mavuto ake, amuna a zikwanje n'kutulukira m'chimanga. Anangoponya diso chakumbali. Anaona phewa la bulauzi yoyera, mkono, ndi dzanja logwira kampango koyera.

"Mwanyamula anthu ambiri m'jumbomo."

Za mpiru zija sizinagwire ntchito. Adziwa bwanji? Ndithu wina ankasuzumira pawindo. Kapena mlonda wa pagalaja anagulidwa ndi mowa. Maganizo onse anathamangira kumodzi.

"Wakutumani ndi Kenny, eti?" anatero, mawu akuyesa kuwalimbitsa. "Mukamuuze kuti ntchito ndamaliza. Wachedwa nazo."

"Onse mwawatenga athunthu," anatero mayiyo, ngati sanamve. "Ine mwangonditenga dzanja."

Gordon anatembenuza mutu kuti amuone nkhope. Mayiyo anasuntha limodzi ndi diso lake. Anatembenukanso. Chimodzimodzi. Phewa... mkono... kampango. Nthawi zonse ali kumapeto kwenikweni kwa pomwe diso limalekezera.

Mitengo ya kumanda inayamba. Agalu a ku Kawale omwe ankamveka patali anangoti zii. Mayiyo anayamba kung'ung'udza nyimbo chapansipansi, mawu achiwiri opanda owatsogolera. Gordon anaizindikira. Anali ataimva tsiku lonse m'matepi aja.



"Mwana wanga akubwera mawa," mawu aja anatero, tsopano pafupi ndi khutu. "Akaone dzanja?"

Gordon anaima. Anapisa m'thumba. Kafoni ka tochi. Chala chinaphonya batani. Anayesanso. Anatembenuka thupi lonse, n'kuwalitsa...

Dzanja linalipo. Kampango kanalipo, kakugwedezeka motsatira nyimbo. Mkono. Phewa. Ndipo pamene panayenera kuyambira khosi... panalibe kanthu! Panangodulidwa mowongoka, kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati nsalu yodulidwa ndi telala. Kuseri kwake mitanda ya manda inkaoneka bwinobwino.

Kafoni kanagwa. Sanakatole. Anali liwiro la mtondo wadooka, mpiru ukumwazika m'njira monse, mpaka anakadzigwetsera pakhomo pake.

Mantha anali nawo, inde, koma Gordon ndi Gordon. Mpweya utabwerera anayamba kudziuza kuti ndi matsenga a Kenny ofuna kumusokoneza mutu. Komabe anatsegula laputopu. Kanema woyamba: kwaya ili pamzere, nkhope zikuwala. Kumapeto kwa mzere, kumanzere, dzanja logwira kampango likukwera ndi kutsika, lopanda mwini. Wachiwiri, dzanja lomwelo. Wachitatu, lomwelo. Mayiyo ankaima malo amodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo lamulo limodzi lija linamudula m'makanema onse.

Sanagone. Kutangoyamba kuyera anabwerera ku Biwi, ulendo uno modzera msewu waukulu. Anandandalikanso makanema onse kuchokera pachiyambi, m'mbali osadulamo ngakhale pang'ono, mizere yakuda ija n'kuisiya momwemo. Kompyuta inkakwawa ngati nkhono, iye akupempherera magetsi kuti asazime. Pomwe ankafika kuholo, thukuta lili kamukamu, anthu anali atadzaza kale ndipo Mayi Agatha ankangoyang'ana kukhomo.

Kwaya inayamba. Gordon anadina batani, chinsalu chinawala, anthu n'kuyamba kulozerana azakhali ndi amalume awo ali achinyamata. Za mizere yakuda panalibe anazilabadira. Kumapeto kwa mzere, kumanzere, kunaima mayi wamfupi wa kanzeru m'mano, akuimba mutu atapendeketsa, kampango kali m'dzanja.

Gordon anamuyang'anitsitsa, kenako anayamba kumufunafuna m'gulu la anthu. Anali atatsimikiza kuti mayiyo ali momwemo, ndipo amufunsa bwino amene anamutuma ndi mankhwala omwe anagwiritsa ntchito. Pakati pa nyimbo Mayi Agatha anadutsa pafupi ndi tebulo lake, iye n'kuwakodola.

"Mayi, awo a kampango kumapetowo, akhala pati? Ndili nawo mawu."

Mayi Agatha anamuyang'ana modabwa. "A Zipora? Mukuwadziwira kuti inu?"

"Tinakumana dzulo usiku."

"Musaseweretse zimenezo, Bambo Gordon." Anatsitsa mawu. "A Zipora anatisiya kalekale, mwana wawo akadali kubere. Tinakawaika kumanda aja a panjira yachidule yopita kusitudiyo kwanu ku Biwi. Kampangoko tinawaika nako."

Gordon anacheukira pachinsalu.

"Mwana wawo ndi uyo waimirirayo, Lois," anapitiriza Mayi Agatha. "Wakulira kwa agogo ake ku Ntcheu. Alibe chithunzi cha mayi ake ngakhale chimodzi. Ndinamulonjeza kuti akabwera lero awaona."

Mtsikana wa yunifolomu ya sekondale anali atatuluka pabenchi. Panalibe anamulozera. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa anthu, anadutsa kwaya, n'kukaima kumanzere kwa chinsalu, mutu atapendeketsa chimodzimodzi.

Nyimbo inatha. Woimbitsa anayambitsa ina, n'kucheukira kwa Gordon kuti asinthe kanema. Anamukodola kawiri. Gordon, amene usiku wonse ankaopa kulakwitsa pamaso pa anthu a ku Kawale, anachotsa chala pabatani. Chisoni chinamugwira, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaganize zoti wina akumuchenjerera. Anausiya kanemayo kuti abwererenso poyambira.

Lois anakweza dzanja, n'kuliika pachinsalu, pomwe panali dzanja la mayi ake.