Dzina M'gulu la Aphunzitsi

Mayeso atayamba, onse m'chipinda cha makompyuta anawerama n'kumagogoda mabatani, kupatula mtsikana wa pakona, amene anzake a Fomu 3 ankamutchula kuti Chidule. Pa sikirini ya aliyense panali kachizindikiro kobiriwira ka pulogalamu ya mayeso. Pa yake panalibe.

Anatseka, n'kutsegulanso. Anafika popukuta sikiriniyo ndi mkono wa juzi, ngati kuti mayeso abisala kuseri kwa fumbi.

"Madamu, kompyuta iyi yafa."

Aphunzitsi a makompyuta sanadzutse n'komwe mutu. "Samukira pa ina. Nthawi ikupita."

Anasamuka, n'kulemba dzina lake ndi mawu achinsinsi. Panabwera mafayilo omwe aja, zithunzi zomwe zija, koma kachizindikiro kobiriwira ayi. Anasamukanso, ulendo uno pafupi ndi mnzake wapamtima. Zomwezo.

"Ukuzonda odwala kapena?" mnzakeyo ananong'ona. "Khala pansi, ukutichititsa chizungulire."

Kunena zoona, pa matebulo aja panalibe makompyuta enieni. Panali masikirini ndi makiyibodi chabe. Zonse zinkachokera m'makina amodzi aakulu otsekeredwa m'kachipinda ka kuseri. Munthu akalemba dzina lake, makinawo ankayang'ana gulu limene dzinalo lili, n'kumutumizira mapulogalamu ndi malamulo a gululo, kaya wakhala pampando uti. Chidule anakhoza bwino phunziro limeneli teremu yatha. Koma lero mutu unali utaima, ndipo ankangoona ngati vutolo lamera miyendo n'kumamutsatira.

Madamu anabwera n'kuima kumbuyo kwake.

"Zodabwitsa. Pulogalamuyi ndaitumiza ndekha dzulo ku gulu lonse la Fomu 3." Anayandikitsa nkhope pa sikirini. "Nanga iyi yolembera malikisi ikutani pano? Imeneyi ndi ya aphunzitsi."

Apa m'pamene Chidule anakumbukira. Masabata atatu m'mbuyomo, Madamu anaitanidwa mwadzidzidzi ku ofesi, n'kusiya tsamba la magulu lili chitsegulire. Lamulo la gulu la ophunzira linkatseka masamba onse a mavidiyo, pomwe la aphunzitsi silinkatseka. Iye anangokoka dzina lake kuchoka uku n'kuliponya uko, basi. Anaonera mavidiyo ovina masiku angapo, kenako n'kuiwala kuti anachitapo kanthu. Makina okha ndi amene sanaiwale. Kwa iwo, iye anali mphunzitsi, ndipo mphunzitsi salemba mayeso.

"Mwina makina aakulu asokonekera," anatero Madamu, akukanda pachipumi. "Ngati asokoneza mmodzi, ndingakhulupirire bwanji za enawa? Aliyense asiye kulemba. Ndizimitsa zonse, ndiitane amisiri. Mayesowa tidzayambiranso sabata ya mawa."

M'chipinda monse munamveka kudandaula.

"Madamu, ine ndafika kale theka," anatero mnzake uja. "Ndipo lero lokha ndi limene zikundiyendera."

Madamu anatulutsa makiyi a kachipinda ka kuseri. Chidule anawayang'ana akuyenda. Akanangokhala chete, akanapeza sabata yathunthu yowerengera, ndipo mlandu ukanagwera makina, amene alibe pakamwa.

"Madamu."

"Chiyaninso?"

"Makina sanalakwe. Dzina langa lili ku gulu la aphunzitsi. Ndinalisamutsa ndine, tsiku lija munapita ku ofesi."

Madamu anabweza makiyi m'thumba pang'onopang'ono.

"Kani ndinu anzathu a pantchito? Pepanitu, sitinakulandireni. Mumaphunzitsa phunziro lanji?"

Ena anaseka chamumtima, ena analephera kudzigwira. Chidule anangoti maso pa kiyibodi.

Madamu anakhala pa tebulo lawo, n'kutsegula tsamba la magulu. "Inenso ndaphunzira kutseka tsambali ndisanadzuke. Eya, ndakubwezera kwanu. Tuluka, ulowenso. Enanu pitirizani."

Analowanso. Pulogalamu ya malikisi inali itachoka, ndipo ya mayeso inali pamalo pake.

"Madamu, nanga mphindi zimene zatayikazi?"

"Ndimalamula makina, mwanawe, osati wotchi. Ukamaliza, tikaonane kwa ahedi."

Anayamba kulemba. Nthawi inatha ali pa funso lachinayi mwa mafunso khumi.